Linga la a Stoyan ndi Thumba la Mpunga

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene dziko la Bulgaria linandigwera m'manja, ndipo kunena zoona ndinalilandira ndi nkhope yokwinya. Tinali titangotha chaka chimodzi ku South Bend, ku America, kuchokera ku Chilomoni. Adadi ankachita maphunziro apamwamba pa yunivesite ina kumeneko, amami ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ine ntchito yanga inali yokhala chete. Ku Blantyre ankanditcha wailesi chifukwa cholongolola. Koma kuno, tsiku lina nditayankha funso m'kalasi ana anaseka kalankhulidwe kanga, ndipo kuyambira pamenepo ndinasoka pakamwa. Mpaka aphunzitsi ankatha kundiiwala pogawa magulu. Zinkandiwawa kwambiri, koma ndinalibe womuuza.

Chaka chimenecho kusukulu kunali chionetsero cha mayiko. Mwana aliyense ankatola kapepala m'chipewa, n'kupanga chinthu choonetsa dziko limene watola, kenako n'kulifotokoza kwa mphindi zisanu. Wopambana ankapita ku Indianapolis kukapikisana ndi ana a masukulu ena. Ine ndinapemphera kuti nditole Malawi, osadziwa kuti Malawiyo munalibe n'komwe m'chipewamo. Nditafunyulula kapepala kanga ndinangoti kakasi, chifukwa dzikolo ndinali ndisanalimvepo.

"Bulgaria?" anatero amami akuvula nsapato za kuntchito. "Si kwawo kwa achikulire a pansipa kumeneko? Tadala, tenga mandasiwa utsike, ukapereke moni bwinobwino."

Tinkakhala m'nyumba yamatabwa yosanja, ife pamwamba, pansi a Stoyan. Anali bambo wamtali wowerama msana, mmisiri womanga ndi miyala amene anapuma ntchito kalekale. Tsiku lonse ankakhala kuseri akusamalira tsabola ndi tomato wawo, uku akukalipira agologolo m'chilankhulo chakwawo. Ndinkawaopa ngati mphunzitsi wa masamu. Koma mawu a amami sankabwezedwa, choncho ndinatsika ndi mbale yanga ya mandasi ndi chithunzi chimene ndinasindikiza kusukulu: linga lokongola la nsanja zosongoka, mbendera zili petupetu pamwamba.

A Stoyan anachiyang'ana chithunzicho akutafuna ndasi, n'kundibwezera. "Iyi ndi keke ya ukwati," anatero m'Chingerezi chawo cholemera, choposa changa kupindika. Analowa kuchipinda n'kubwera ndi chitini cha mabisiketi, momwe anatulutsamo chithunzi chakale chothimbirira. Panali phiri, pamwamba pake makoma ogumuka omera udzu, ndipo m'munsi mwake tinyumba tochepa tofoleredwa ndi miyala yaphanthiphanthi. Anati kumeneko ndiye kwawo, kamudzi ka m'mapiri a Rodopi, ndipo chogumukacho anthu ankangochitcha Kaleto, kutanthauza linga basi. Mafumu akale analimanga zaka mazanamazana zapitazo kuti azilondera njira ya m'chigwa. Anati dera lonselo ladzaza ndi malinga otere, ukaima pa lina umaona linzake patali, koma m'mudzimo munalibe ankadziwa dzina la mfumu imene inamanga lawolo.

Ndinafunsa ngati inali nkhondo imene inaligumula. Anaseka koyamba chiwadziwireni. "Nkhondo inayamba, ife tinamaliza," anatero. Anandifotokozera kuti asilikali atachoka, anthu a m'mudzi ankakwera phirilo ndi abulu kukatenga miyala. Nyumba zonse za pachithunzizo, makola a nkhosa, ngakhale chitsime, zinali miyala ya linga. Mwala wa pamwamba pa khomo la amayi awo unali ndi mtanda wogoba, ndipo agogo awo ndi amene anautsitsa kuchokera pachipata cha lingalo. Ankalankhula akusisita kanyumbako ndi chala chawo chokhakhala.

Ine mutu wanga unali pa mphoto. Ndinawauza mosapsatira kuti mudzi sungandipambanitse, ndikufuna linga lathunthu, mmene linalili mafumu ali moyo. Mpaka lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene anabwezera chithunzi chija m'chitini, pang'onopang'ono, n'kutseka chivindikiro. Sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino. Koma ngati ukumanga, umange ngati mmisiri, osati ndi makatoni."

Mmenemo ndi mmene ndinalowera ntchito yanga yoyamba. Loweruka lililonse tinkapita m'mbali mwa mtsinje wa St. Joseph ndi zidebe ziwiri kukatola timiyala, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndikuwerama. Madzi anali ozizira moti zala zinkachita dzanzi. Tikabwerako tinkakhala m'galaja yawo yonunkha fumbi la simenti ndi adyo, pa thabwa lalikulu pomwe tinaumbapo phiri. Malamulo awo anali atatu ndipo sankasintha. Mwala umodzi ugone pa iwiri, iwiri igone pa umodzi. Khoma liyambe laima lokha, guluu abwere pambuyo. Lachitatu ndilo linkandisowetsa mtendere: mwala ukautola usaubweze pansi, uupezere malo. Ndikatola wopindika n'kufuna kuutaya mozemba, ndodo inkagogoda patebulo. Ankati mmisiri wosankhasankha amafika madzulo atazunguliridwa ndi miyala yoipa yokhayokha.

Khoma langa loyamba analikankha ndi chala chimodzi, lonse gumu! Lachiwiri chimodzimodzi. Ndinakwera kwathu ndikufufuma ndi mkwiyo, ndikulumbira kuti sindidzatsikanso, koma mawa lake ndinali komweko. Patatha masabata asanu ndi limodzi linga linaima: makoma anayi, nsanja ziwiri, ndi chipata. Pa mwala wautali wa pamwamba pa chipata a Stoyan anakandapo kamtanda ndi msomali. M'munsi mwa phiri munatsala malo opanda kanthu, ndipo ndinangopakapo penti yobiriwira. Iwo anayang'ana malo obiriwirawo nthawi yaitali, kenako anakatsuka manja.

Kusukulu ndinapambana, koma tisanamizane, linapambana ndi linga, osati ine. Ndinawerenga timakadi tanga ta mafumu ndi nkhondo mutu uli pansi, mawu akumveka ngati udzudzu. Aphunzitsi anandichenjeza kuti ku Indianapolis oweruza amafunsa mafunso ndipo amafuna mwana wowayang'ana kumaso. Ndinkaopa, komabe ndinkaufunitsitsa ulendowo. Kwa nthawi yoyamba ana a m'kalasi anali atandifunsa dzina, ndipo ndinkadziwa kuti ndikabwerako chimanjamanja ndibwereranso pakona panga paja. A Stoyan anakana kupita nafe, anati maondo awo sagwirizana ndi galimoto.

Tsono apa ndi pomwe Umalawi wathu unalowerera. Mmalawi wa ku South Bend sapita ku Indianapolis ali chimanjamanja, ndipo mbiri ya ulendo imayenda msanga kuposa galimotoyo. Anti Nachisale, anzawo a amami a ku Beech Grove kufupi ndi Indianapolis, ankakonzekera chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wawo. Pofika Lachisanu pakhonde pathu panali mapoto awiri akuluakulu obwereka, chigubu cha thobwa, mipando yopinda, ndi thumba lalikulu la mpunga limene mayi wina wa kutchalitchi anapereka. Amami anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ana linga langa, nkhope yawo ili ndi chikaiko.

"Zonsezi zifita, osapanika," anatero adadi akupinda manja a malaya. "Ine ndinakulira m'maminibasi a ku Limbe. Kupakira ndi sayansi."

Loweruka m'mamawa anaika linga kumbuyo kwa vani yathu, thumba la mpunga n'kuliimika pambali pake ngati mlonda. Tinanyamuka tikuimba nyimbo za kwaya. Titadutsa Kokomo, gwape anadumphira mumsewu, adadi n'kuponda mabuleki mwamphamvu. Kumbuyo kunamveka chinthu kuti khu! Ndinafuna kutembenuka koma mipando yopinda inanditchinga. Adadi anati ndi mapoto chabe amenewo, ndipo ndinawakhulupirira chifukwa ndinkafuna kuwakhulupirira.

Tinafika ku Beech Grove cha m'ma hafu teni. Anti anatuluka atavala chitenje pamwamba pa yunifomu ya kuchipatala, akutilandira ndi chimwemwe. Adadi atatsegula chitseko cha kumbuyo, timiyala tinagubuduka n'kugwera pansi. Thumba lija linali litagona chagada pa linga langa, litang'ambika pakona. Nsanja imodzi inali itatheratu, inayo itaduka pakati, makoma awiri ndi chipata zili mulu umodzi wosakanikirana ndi mpunga.

Ndinakuwa. Mawu onse amene ndinasunga chaka chathunthu anatuluka tsiku limenelo, m'Chichewa chenicheni cha ku Chilomoni, mpaka mzungu woyandikana nawo anasuzumira pawindo. Ndinanena za sayansi ya adadi, za maminibasi a ku Limbe, ndi za anthu amene sangadye chinkhoswe popanda mpunga wa ku South Bend ngati kuti ku Indianapolis kulibe masitolo. Tsiku lina lililonse ndikanalandira khofi. Koma adadi anangovula kapusi yawo n'kuigwira ndi manja awiri. "Pepa mwanangu, ndalakwa ine," anatero. Ndinali ndisanawamvepo akupepesa mwana, ndipo zimenezo zinandiliza kwambiri kuposa lingalo.

"Presenteshoni ili nthawi yanji?" anafunsa anti. Amami anati wani koloko. Anti anapukusa mutu. "Ntchito ya masabata sikisi siingatheke pa maola awiri. Tadala, bwanji ndingowakola pafoni ndiwauze kuti wadwala? Palibe angakubleme. Ulowe umwe tiyi."

Ndivomereze kuti mawu amenewo anandikomera. Kudwala kukanandipulumutsa kwa oweruza ndi mafunso awo, ndipo mlandu wonse ukanakhala wa gwape ndi adadi. Lolemba ndikanakalowa m'kalasi mwakachetechete, anthu n'kundiiwalanso bwinobwino. Ndinagwada pansi n'kuyamba kutolera timiyala m'beseni limene anti anabweretsa, misozi ikudontha. Ndiye ndinatola mwala wautali uja wa pachipata, wa kamtanda. Dzanja linapita kubeseni koma linakana kuutaya. Masabata asanu ndi limodzi a ndodo yogogoda patebulo anali atalowa m'magazi, moti ndinayamba kuyang'anayang'ana poti ndiuike.

Adadi anali atachotsa thumba lija, ndipo ndinaona bwinobwino chimene chinatsala. Makoma oduka mano, nsanja ya theka, mulu wa miyala m'mbali mwa phiri. Ndinachizindikira nthawi yomweyo, chinali chithunzi cha m'chitini cha mabisiketi chija. Chimene chinkasowa chinali chimodzi chokha, ndipo malo ake anali pomwepo, opakidwa penti yobiriwira. Ndinaimika timiyala tiwiri m'munsi mwa phiri, n'kugoneka wa kamtanda uja pamwamba pake. Linali khomo la nyumba.

"Anti, musaimbe foni," ndinatero ndikupukuta mamina. "Muli ndi guluu?"

Anali naye, wosungunula ndi kachipangizo kotentha konga mfuti, amene ankamatira maluwa a chinkhoswe. Tinanyamulira thabwa m'galaja ya anti, ndipo kwa maola awiri ine ndinali kapitawo. Amami ankasankha miyala yaphanthiphanthi ya madenga, anti ankamata pomwe ndaloza, adadi ndinawapatsa khola la nkhosa. Khoma lawo loyamba ndinalikankha ndi chala chimodzi, lonse gumu, ndipo ndinawauza kuti umodzi ugone pa iwiri. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amami, n'kuyambiranso osatsutsa. Sindidzaiwala kukoma kwa mphindi imeneyo.

Tili mkati mogwira ntchito ndinawafotokozera za abulu ndi za khomo la amayi a a Stoyan. Amami anaima kaye, mwala uli m'manja. "Inu, zomwezi zinachitikanso kwathu ku Thyolo," anatero. "Sitolo yakale ya pa esiteti itagwa, njerwa zake zinamanga tchalitchi chathu, zotsala n'kumanga khitchini ya amayi anga. Ine ndinaphunzira kuphika m'sitolo ya mzungu osadziwa." Tinaseka tonse, ndipo manja anayamba kuyenda msanga. Pomwe nthawi inkatha tinali ndi nyumba zisanu ndi zinayi, chitsime, khola lopendekeka la adadi, ndi kanjira kotsika kuchokera ku linga. Mpunga wina unali utakanirira m'guluu m'kholamo. Anti anafuna kuuchotsa, ine ndinati ausiye, zimenezo ndi nkhosa.

Ulendo wopita pakati pa mzinda thabwalo linakhala pamiyendo pa amami ndi anti, adadi akuyendetsa ngati anyamula mazira. Holoyo inali yaikulu, yodzaza ndi ana ndi makolo. Panali mapiramidi opaka golide, nsanja zoyaka magetsi, ngakhale phiri lotulutsa utsi. Changa chinkaoneka ngati chagwa m'galimoto, ndipo chinalidi chitatsala pang'ono kutero. Timakadi tanga ta mafumu tinalibenso ntchito, choncho ndinatisiya m'thumba la jekete.

Oweruza anali atatu. Mayi wina wa tsitsi la imvi anawerama, n'kuyang'ana makoma ogumukawo, n'kundifunsa chimene chinachitikira linga langa. Ndinamuyang'ana kumaso n'kunena kuti linagwa kawiri: koyamba zaka mazana apitawo chifukwa cha nkhondo ndi anthu ofuna pogona, kachiwiri m'mawa womwewo chifukwa cha gwape ndi thumba la mpunga. Anaseka onse atatu. Ndinadikira kuti kuseka kuja kundilase monga kunkachitira m'kalasi, koma sikunandilase, chifukwa ndinali nditawaseketsa dala. Basi wailesi ya ku Chilomoni inayaka. Ndinawayendetsa kuchokera pachipata, kutsika kanjira ka abulu, mpaka pa khomo la kamtanda. Ndinawauza za malinga oonana pamwamba pa mapiri, za malamulo atatu a mmisiri, ngakhale za khitchini ya agogo anga ku Thyolo. Mphindi zisanu zinatha kalekale koma palibe anayang'ana wotchi.

Bambo wina mwa oweruzawo anandifunsa ngati sikunali kuononga mbiri kugumula chinthu chakale chotero. Funso limenelo ndinali nditawafunsapo a Stoyan tsiku lina kumtsinje, ndiye ndinayankha monga anandiyankhira, kuti masiku ano n'koletsedwa ndipo n'zoyenera kutero. Koma ndinawonjezera zanga. Ndinati nthawi imeneyo lingalo linali lisakulonderanso munthu, pomwe m'munsi ana ankagona ndi chisanu, ndipo mmodzi mwa ana amene anabadwira kuseri kwa khomo ilo amakhala pansi pa nyumba yathu, amalima tsabola. Bamboyo analemba kanthu papepala lake.

Atatchula dzina langa kuti ndine woyamba pa ana a msinkhu wathu, amami anaiwala kuti ali ku America. Nthungululu inang'amba holo yonse, anti n'kulandira, anthu n'kutembenuka kudabwa kuti alamu yalira kapena bwanji. Ine amene ndinkachita manyazi ngakhale amami akandilankhula Chichewa m'sitolo, ndinakwera pansanja ndikuvina pang'ono. Adadi ankagwira chanza aliyense amene anali pafupi, akumuuza kuti iwonso anathandizapo pa pulojekitiyi. Sankanama, anathandizapo kawiri.

Tinafika ku South Bend dzuwa likulowa, ndipo tinapeza a Stoyan ali kuseri akuthirira tomato. Ndinawaonetsa riboni ya mphoto yanga koma sanaiyang'ane n'komwe. Maso awo anali pa thabwa limene adadi anaika patebulo la m'galaja. Anavala magalasi, n'kuwerama, n'kuliyang'anitsitsa moti ndinayamba kuopa kuti akwiya chifukwa cha nsanja zawo. Chala chawo chinatsika kanjira kaja n'kukaima pa mwala wa kamtanda.

"Khomo la amayi linkayang'ana kum'mawa," anatero. "Iwe waliyang'anitsa kumpoto, ukufuna tife ndi mphepo?" Kenako analoza khola. "Ili wamanga ndani?" Nditawauza kuti ndi adadi, anangoti, "Zikuoneka." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso, akunamizira tsabola. Atatero anakoka mpando n'kuyamba kunditchulira eni nyumba zonse zisanu ndi zinayi, uyu ankaweta njuchi, uyu ankaba maula a anzake, uyu ndi amene ankaimba pa maukwati. Ambiri anali atamwalira, ena anabalalikira m'mizinda ndi m'mayiko akutali, ndipo m'mudzimo munangotsala nkhalamba zowerengeka. Ndinamvetsera mpaka amami anandiitana kuti chakudya chazizira, ndipo ulendo uno sindinafunse za mafumu.

Lolemba lake aphunzitsi anafunsa funso m'kalasi, ine n'kukweza dzanja. Wina kumbuyo anasekabe kalankhulidwe kanga, koma ndinamaliza chiganizo changa, n'kuwonjezera china.

Papita zaka tsopano. A Stoyan anamwalira ndili kusekondale, ndipo ku Bulgaria sindinafikebe, ngakhale ndimadziwa nyumba ya woba maula ndi ya woweta njuchi. Chimene ndinkalephera kuona ndili mwana n'chakuti chaka chonse chija ndinkalirira linga langa la ku Chilomoni, anzanga, sukulu yanga, dzina langa la wailesi, ndipo ndinkaganiza kuti ngati sizingaimenso mmene zinalili ndiye kuti zatha ntchito. Sindinkadziwa kuti Chichewa changa, nthabwala zanga, ngakhale lilime langa lopindikali, inali miyala yabwinobwino yongofuna kuitsitsira m'munsi n'kumangira pogona. Amami ndi adadi anali akuchita zimenezo tsiku ndi tsiku, ndi mapoto obwerekana ndi matumba a mpunga oyenda m'magalimoto a eni, ine n'kumaona ngati n'kuvuta chabe.

Thabwa lija linaonongeka posamuka, timiyala tambiri tinatayika. Koma wa kamtanda uja ndili nawo, uli pawindo la chipinda changa kuno ku Indianapolis. Ndinautola m'mawa uja ku Beech Grove ndipo sindinaubwezenso pansi. Windolo limayang'ana kum'mawa, kuti achikulire aja asadandaule.